Mutu 4: Bowo pa Denga

1. Uthenga wa Lachisanu

Chaka cha 1999, ku Wusakile konse, komboni ya pa mgodi wa mkuwa, kunalibe mtsikana wokonda basiketibolo kuposa Emelda Sakala. Anzake ankangoukonda mpirawo, koma kwa iye inali nthenda. Akamutuma kukataya zinyalala, ankaima patali n'kumaponya chimodzichimodzi m'dzenje. Akamupatsa kabichi kuti adule, ankayamba wamuzunguza kaye pa chala. Amayi ake anachita kutopa nako kukalipa.

Lachisanu lina mu Novembala, Madamu Elizabeth, aphunzitsi a masewera, anasonkhanitsa timu ya atsikana pansi pa mtengo wa mango.

"Mawa masana, fifitini awazi, pa TV akuonetsa filimu ya timu ija ya ku Amerika, ija inatenga chikho kasanu ndi kamodzi," anatero. "Akuonetsa mmene ankakonzekera, mmene ankakanganira, mmene ankapatsirana mpira. Ndi ola limodzi basi, ndipo sabwereza. Loweruka linalo tikupita ku Ndola kukakumana ndi atsikana a ku Kanini. Amene ali ndi maso akaonere."

Atsikana anakuwa mpaka mbalame zinathawa mumtengo. A ku Kanini! Omwe aja anawakwapula chaka chatha n'kuwaseka nsapato pamwamba pake!

Koma akaonera kuti? Kale funso lotere kunalibe. Aliyense ankangopita ku kalabu ya mgodi, kumene kunali chi-TV chachikulu ndi mabenchi. Tsopano pa chitseko cha kalabuyo panali loko wadzimbiri. TV ya kwa Chichi, kaputeni wa timu, inapsa ndi mphezi. Ya kwa Dolly inagulitsidwa.

"Kwathu!" anatero Emelda uku akudziguguda pachifuwa. "TV ya atate imaonetsa mbee, mpaka thukuta la munthu umaliona. Bwerani nonse!"

Pakamwa pa Emelda pankathamanga kuposa miyendo yake. Anaiwaliratu kuti chimphepo cha Lachitatu chinatembenuza eriyo padenga, ndipo kuyambira tsiku limenelo TV yawo inkangoonetsa mchenga.

2. Chenjezo la a Sakala

Loweruka m'mawa a Laston Sakala, atate ake a Emelda, anali pakhonde akukhomera khasu mumpini. Chiwachotsereni ntchito pa mgodi mu Juni, ankalima kamunda kunja kwa tauni. Amayi anali atapita kale kumsika kukagulitsa salaula, zovala zakale zija za m'mabelo.

"Atate, simungandikonzere eriyo musanapite?"

"Mawa tikachoka ku Misa. Ndiyenera kukabwereka thabwa."

"Koma filimu ndi lero, atate! Ndaitana timu yonse. Ndingathe kukwera ndekha, si patali."

A Sakala anaika khasu pansi. Munthu uyu sankakalipa, koma akaika chinthu pansi kuti alankhule, unkadziwa kuti nkhani yakula.

"Tamvera, Emelda. Denga ili si la malata. Ndi asibesitasi, ndipo ndi wamkulu kuposa iwe. Dzuwa lamuwotcha zaka makumi anayi, wauma ngati bisiketi. Ine ndikakwera ndimayala thabwa, ndipo ndimaponda pamene pali misomali pokha, chifukwa pansi pa misomali ndi pamene pali mtanda. Pakati palibe kanthu, ndi mphepo yokhayokha.

"Inu ana a pa mgodi munakula mosasatitsidwa, ndipo si mlandu wanu. Babu likapsa, a mgodi. Mpope ukadontha, a mgodi. Tsiku lija unaswa zenera ndi mpira, amayi ako anangopita ku ofesi kukalembetsa, m'mawa mwake galimoto pakhomo, galasi latsopano. Ngakhale thewera lako loyamba linachokera ku mgodi. Zimenezo zinatha, mwana wanga. Mgodi ukugulitsidwa, ndipo ogulawo akufuna mkuwa, sakufuna madenga athu.

"Ndalowa pansi zaka twente-fili. Chimene ndatuluka nacho ndi chifuwa ukuchimvachi, ndi nyumba iyi. Ndi yathu tsopano, ndi ming'alu yake yomwe. Taona kumwambako, mvula ili pakhomo. Usakwere padenga. Wandimva?"

"Ndamva, atate."

Kumva anamvadi, makutu a Emelda analibe vuto lililonse. A Sakala anasenza khasu n'kumapita.

3. Mchenga pa TV

Pofika hafu pasiti fotini, m'nyumba mwa a Sakala munalibe popondapo. Atsikana khumi ndi mmodzi anadzazana pamipando, pansi, ena pazenera. Dolly anabweretsa mtedza wokazinga. Chichi anabwera ndi kope ndi pensulo, akuti alembe machenjera onse.

Emelda anayatsa TV mtima uli m'mwamba. Mawu anamveka bwinobwino. Chithunzi, mchenga.

Anaimenya pambali. Mchenga. Anaimenya pamwamba. Mchenga womwewo.

"Iyi ndiyo mbee yako ija?" anafunsa Chichi. "Thukuta lili pati? Ine ndikuona la iwe lokha."

Onse anafa nacho chiseko. Emelda anamva manyazi kutentha kuchokera m'khosi mpaka m'makutu. Nthawi yomweyo nyimbo yoyambira filimu inalira, ng'oma zikugunda, chikhamu cha anthu chikukuwa kutsidya la nyanja. Chiseko chinatheratu. Atsikana anayang'ana mchenga uja ngati alire.

"Dikirani," anatero Emelda. "Ndikukwera."

"Iwe, atate ako amalola?" anafunsa Dolly.

"Aa, ndingotembenuza n'kutsika. Ndipo ngakhale china chitasweka, si tingokalembetsa ku ofesi?"

Mwamva? M'mawa womwewo anauzidwa zonse, koma mawu amene munthu wakula nawo satuluka m'mutu tsiku limodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa atsikana aja amene anamutsutsa, pakuti onse anali ana a pa mgodi.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mapeyala wotsamira denga. Emelda anaukwera ngati nyani. Atafika pamwamba anakumbukira mawu a atate ake, nayamba kuponda pa misomali pokha, phazi limodzi, kenako linzake. Denga linkalira pang'onopang'ono koma linamusunga. Anagwira chitsulo cha eriyo n'kuyamba kupotoza.

"Zikubwera!" anakuwa Chichi pazenera. "Pitiriza! Pitiriza! Ayi, wapitirira! Bwerera! Pang'ono! Apo! Apo pomwepo!"

M'nyumba munabuka nthungululu.

Emelda anasiya chitsulo kuti atsike. Eriyo inabwerera yokha pang'onopang'ono kumene inachokera.

"Wachita chiyani? Zapita! Emelda, zapita!"

Waya womangira chitsulocho anali ataduka. Kuti chithunzi chikhale, pankafunika munthu woti agwirizire.

4. Filimu ya m'makutu

Ndi mmene Emelda Sakala, mwini TV, mwini alendo, anaonerera filimu ndi makutu.

"Mayo ine! Munthu akuuluka!" anakuwa Chichi m'nyumba.

"Ndani? Akuuluka bwanji?" anakuwa Emelda ali padenga.

"Wadumphira kutali, miyendo ikupalasa m'mwamba! Wamira nawo m'dengu mpaka chigongono! Iyayi, awa si anthu!"

"Bwereza, Chichi, sindinamve!"

"Akuti ankaponya mipira faivi handiredi asanadye kanthu m'mawa! Pali wina ntchito yake n'kutola mipira yophonya basi, saponya n'komwe, koma akuti popanda iye chikho kunalibe!"

Kenako kunamveka chiseko chachikulu.

"Emelda! Apa akunena iwe! Akuti katswiri wawo anakhala zaka zambiri wopanda chikho chifukwa ankaumira mpira. Anayamba kupambana ataphunzira kupatsira anzake!"

"Iwe, ndiye bwera undipatsire mpando! Dolly, dzandilandire!"

"Ndikubwera!" anayankha Dolly.

Ndikubwera wa munthu amene ali pa TV mumamudziwa. Dolly sanasunthe ndi chala chomwe.

Chitsulo chinkatentha m'manja. Mkono unachita dzanzi. Kuchokera pamwambapo Emelda ankaona nsanja ya mgodi ndi chiphiri chakuda cha zotsalira za mkuwa, ndipo kuseri kwake, cha ku Ndola, mitambo inali itada bii. Koma iye za mitambo analibe nazo ntchito. Mtima wake unali pansi pa mapazi ake, m'chipinda chija.

"Masewera omaliza!" Mawu a Chichi anali atasasa. "Atsala ndi masekondi teni! Ali kumbuyo ndi chigoli chimodzi! Walanda mpira! Emelda, walanda!"

Apa Emelda analephera kupirira. Anasolola chingwe cha nsapato ndi dzanja limodzi, namanga chitsulo cha eriyo ku msomali, mfundo ziwiri zofulumira. Anasiya. Eriyo inaima nji.

Mtengo wa mapeyala unali uko. Njira ya misomali inali yozungulira. Njira yachidule inali yodutsa pakati.

Phazi loyamba, bwino. Lachiwiri, bwino.

Phwaa!

Mwendo wakumanja unamira mpaka m'ntchafu. Pansi kunamveka zidutswa zikugwa ndi atsikana akulira mayo. Emelda anakoka mwendo mwamantha, ndipo asibesitasi wina anathyoka n'kutsatira anzake. Pamene anakwawira pa mtanda, pakati pa denga panali bowo loti beseni losambira n'kulowa.

Anasuzumira. Nkhope khumi ndi imodzi, zoyera ndi fumbi, zinali kumuyang'ana kukamwa kuli yasa. Mpando wa atate ake unali utadzaza zidutswa. Pakona TV inkaonetsa mbee, monga analonjezera. Amuna ataliatali ovala zofiira ankakumbatirana, akulira ngati ana, atanyamula chikho chagolide.

Filimu yonse ija, Emelda anaonako pomwepo basi.

5. Ku ofesi

Emelda anatsikira pa mtengo wa mapeyala uja. Ntchafu inali itakalikakalika, magazi akuyenderera, koma fupa linali bwino.

"Tamvera," anatero Chichi monong'ona. "Nyumba zonse za kuno zili ndi ming'alu chifukwa cha mabomba ophulitsira miyala pansi pa mgodi. Tingonena kuti kunagwedezeka, denga n'kugwa lokha. Tonse tichitira umboni. Si choncho, atsikana?"

Atsikana anavomera ndi mitu. Emelda anawasiya pomwepo. Anatuluka liwiro, nsapato imodzi ikukhwepa, kulunjika ku ofesi ya nyumba za mgodi, kumene ankaperekeza amayi ake ali wamng'ono.

Anafika ali wefuwefu, naima. Zenera lolembetsera lija linali litakhomedwa ndi matabwa. Udzu unali utamera pamasitepe. Pakhonde panakhala mkulu wina pakati pa maambulera othyoka, singano ili m'manja. Anali ba Obadiah, amene kale anali kalipentala wa mgodi, omwe aja anadzaika galasi kwa a Sakala.

"Ba Obadiah, ndabwera kudzalembetsa. Denga labooka."

Mkuluyo anamuyang'ana kumaso, nayang'ana mwendo, nayang'ana nsapato yopanda chingwe.

"Awe mwandi! Kulembetsa kwa yani? Mwana wa Sakala, buku lolembetsera lija ndinaliona ndi maso angawa, mapepala ake akukulungira zitumbuwa pamsika. Galimoto yathu ija inagulitsidwa, pano ikunyamula makala. Tinalipo akalipentala twente-foro, lero ndatsala ine ndi maambulera. Kuno kulibenso wokonzera mnzake, mayo. Aliyense ndi denga lake."

Kenako Emelda anafunsa: "Nanga mabomba a pansi, angaboole denga?"

Ba Obadiah anaseka mpaka kutsokomola, kenako nkhope inasintha.

"Ndani wakupatsa nzeru imeneyo? Atate ako aphulitsa miyala zaka twente-fili. Akudziwa kuti bomba limang'amba khoma kuchokera pansi, siliboola denga ngati phazi la mtsikana. Ukawanamiza sakutsutsa, ine Sakala ndimamudziwa. Angokuyang'ana n'kukhala chete, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse ungawauze azichiyeza kawiri. Tamvera, ine ndakonza madenga ambiri. Bowo la padenga limatsekeka tsiku limodzi. Munthu uja atenga chiyani china pa mgodi? Nyumba ndi ana basi. Nyumba waiboola kale. Usamuboolenso kwina."

Anatulutsa pulasitiki wakuda pansi pa benchi n'kumupatsa.

"Uyu agwirizire masiku ochepa. Asibesitasi wa mtundu umenewo sapezekanso m'sitolo. Pali munthu akugwetsa nyumba zakale kuseri kwa njanji, amagulitsa Loweruka lokha, m'mamawa, ndipo pofika eyiti amakhala atatha. Ukawauze atate ako. Thamanga, taona kumwamba!"

Dontho loyamba linamugwera Emelda pamphuno.

6. Chipewa cha atate

Mvula yoyamba ya chaka siigwa mwaulemu. Pamene Emelda ankafika kunyumba, misewu inali mitsinje, ndipo m'chipinda chochezera madzi ankatsika pabowo ngati pampope. Kukwera ndi pulasitiki pa denga lonyowa sikukanatheka.

Koma atsikana aja sanathawe. Chichi anali ataima pakati akulamula ngati ali pabwalo.

"Dolly, TV kuchipinda! Inu awiri, belo la salaula, nyamulani! Mzere, mzere! Beseni likadzaza patsira mnzako, osathamanga nalo wekha!"

Emelda analowa pamzere. Beseni linkachoka m'manja kupita m'manja mpaka pakhomo, khuthu, n'kubwerera. Ndowa, mapoto, chidebe chochapira, zonse zinalowa m'masewera. Atsikana ankaterereka, kukuwa, kuseka, madzi ali chuchuchu m'tsitsi.

"Mwaona?" anakuwa Chichi. "Tikakapatsirana chonchi ku Ndola, a ku Kanini akalira!"

Chitseko chinatseguka. Phokoso lonse linazima.

A Sakala anaima pakhomo, khasu paphewa, zovala zitamatirira thupi. Analowa pang'onopang'ono, naika khasu pansi. Anakaima pafupi ndi bowo n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, madzi akuwathovukira kumaso.

"Chachitika n'chiyani?"

"Atate," anayamba Chichi, "kunangogwedezeka, ndiye..."

"Ndine, atate."

Mawu a Emelda anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza.

"Ndine. Ndinakwera. Popita ndinaponda pa misomali, pobwera ndinadutsa pakati. Munandiuza, ndinamva, koma ndinakwera."

A Sakala anatembenuka. Sanayang'ane nkhope yake, anayang'ana mwendo.

"Fupa?"

"Lili bwino. Ndangokalika."

"Ukanagwera pa simenti iyi ndi mutu, bwenzi pano ndikuuza chiyani amayi ako?" Anapuma mozama, chifuwa chikulira. "Anthu ako a pa TV aja, wawaona?"

"Pang'ono, atate. Pabowo."

Dolly anatsala pang'ono kuseka, koma ataona nkhope ya a Sakala anameza chisekocho.

Mvula inayamba kuchepa, koma mng'alu wina unali utatsegukira cha kukhoma, ndipo pamenepo pankadontha. Ziwiya zonse zinali zodzaza. A Sakala anayang'ana uku ndi uku. Kenako anapita pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene pankakhala chipewa chawo cholimba cha pa mgodi. Chichotsedwereni ntchito palibe amene ankaloledwa kuchikhudza, ngakhale kuchipukuta fumbi. Anachitsitsa, nachitembenuza chagada, nachitchera pansi pa mng'alu uja.

Apa ndi pamene Emelda analira. Akanamumenya zikanakhala bwino.

Akusisima, anapereka pulasitiki uja n'kufotokoza zonse zimene ba Obadiah ananena, za munthu wa kuseri kwa njanji ndi za Loweruka m'mamawa.

"Wanena zoona, ndipo chimenecho ndachisunga," anatero a Sakala. "Koma zoona sizitseka denga. Asibesitasi sanyamulika ndi munthu mmodzi, amathyoka. Amafuna wina kutsogolo, wina kumbuyo. Amayi ako sangasiye msika Loweruka, ndipo ine sindikapempha mwana wa eni kuti asenze zimene waswa mwana wanga. Loweruka likubwerali, seveni awazi, iwe ndi ine kuseri kwa njanji."

Atsikana anayang'anana. Chichi anasendera pafupi ndi Emelda.

"Emelda," ananong'ona, "minibasi ya ku Ndola inyamuka seveni awazi."

Emelda anayang'ana anzake khumi ndi mmodzi, onyowa, atagwira mabeseni a amayi ake. Anayang'ana atate ake, amene anali atagwada akutola zidutswa pampando wawo chimodzichimodzi. M'nyumba monse munali zii, kupatula madzi akudontha m'chipewa chija: tho, tho, tho.